Alendo a Masana, Maola Awiri Basi

Pa zinthu zonse zimene munthu angabe pa hotela ya Mutondo Springs, abale inu, wakubayo anasankha chimbale cha pulawo. Anasiya ma TV, anasiya matawulo oyera mbee, anasiya mowa wodula wa m'bala, n'kukazula chitsulo cha dzimbiri cholembedwa nambala 14 pamalo oimika magalimoto. Konsitabulo Everjoy Milanzi atamva nkhaniyi ku polisi ya Banket Lolemba m'mawa, anayamba waseka. Kusekako kunatha atafika, chifukwa anapeza nkhalamba itakhala pabenchi kunja kwa ofesi ya manijala, chipewa chili pa bondo, thumba la zovala lomangamanga kale lili pamapazi.

Mutondo Springs kale inali pulazi ya fodya. Masiku ano anthu a ku Harare amabwerako ndi ana awo kudzatsetsereka m'madzi, kukwera kasitima kozungulira damu ndi kujambulitsa pa mahatchi. Mabalani owotcheramo fodya anawasandutsa zipinda za alendo, ndipo zitsulo zakale za pa pulazi anazitolera m'tchire n'kuzipenta kuti zikongoletse malo. N'chifukwa chake nambala ya malo a galimoto iliyonse inalembedwa pa chimbale cha pulawo chomangidwa pa mtengo. Alendo ankati n'zokongola kwabasi. Kaya.

Manijala, a Keith, anali munthu wachinyamata, wamtima wabwino ndithu, koma eni hotela ankamuimbira foni mpaka kumuumitsa mutu. Analankhula akuyendayenda, Chishona ndi Chingerezi zili pamodzi. Anati lamulo lawo ndi losavuta. Ogona pa hotela ndi abale awo amapatsidwa khadi lobiriwira pa geti, ndipo galimoto yawo ikhoza kuima mpaka itamera mizu. Alendo a masana, odzadya kapena odzangoona malo, amapatsidwa lachikasu, maola awiri basi. Popanda lamulolo anthu amathawa kulipira ku geti la paki, amasiya galimoto ku hotela n'kukasambira tsiku lonse, ogona n'kusowa poima. Ntchito ya sekuru Simao, nkhalamba ya pabenchi ija, inali kulemba choko pa tayala galimoto ikafika, ndipo nthawi ikakwana kuimanga ndi kilampu, chitsulo chija choluma tayala.

Tsono dzulo lake, Lamlungu, kunabwera ka Honda Fit kotuwa. Mayi wina wachikulire amene anali m'menemo ananama pa geti kuti mwana wake ndi mlendo wa hotela, n'kulandira khadi lobiriwira. A Keith atafufuza anapeza kuti kulibe mlendo wotero, kagalimotoko kaima kuyambira m'mawa, ndipo pa tayala palibe choko ngakhale kadontho. Anakamanga okha kilampu, n'kupita kukayang'anira chakudya chamasana. Pobwerako anapeza galimoto palibe, kilampu ili poteropo yotsekula bwinobwino, ndipo chimbale cha nambala 14 chapita. Makiyi a kilampu alipo awiri, wawo ndi wa sekuru Simao.

"Chitsulocho si kanthu," anatero a Keith. "Koma munthu amene ndinam'patsa kiyi wandichita chinyengo, ndipo eni ake amva kale. Chimbale chikapanda kubwera pofika nthawi yoweruka, ntchito yatha, ndipo chipinda atulukemo lero lomwe."

Everjoy sanafunse kuti akatuluka apita kuti. Ankadziwa. Iye mwini anakulira mu komboni ya pa pulazi ku Karoi, ndipo ankadziwa kuti anthu ngati a Simao, amene makolo awo anachokera ku Tete kapena ku Malawi, alibe mudzi wobwererako. Chipinda cha pa ntchito ndiye mudzi wawo. Mtima unamuwawa asanalankhule nawo n'komwe.

Anawalonjera m'Chishona, koma atamva mmene lilime lawo linkapindira mawu, anakhala pambali pawo n'kunena chapansipansi kuti, "Mwadzuka bwanji, agogo?"

Nkhalamba ija inadzutsa mutu. "Ndiwe mwana wa kwathu?"

Anawauza kuti ndi mwana wa a Milanzi a ku Karoi. A Simao anagwedeza mutu ngati akuwadziwa, kenako anavomera mlandu wonse mwachangu ngati munthu wofuna kukagwira basi. Kilampu anatsekula ndi iwo. Chimbale anazula ndi iwo, n'kugulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Ogula ati? A lole. Lole yotani? Yoyera. Atafunsidwanso patapita kanthawi, loleyo inali itasanduka yabuluu. Nanga mayi uja? Sakumudziwa, sanamuonepo chibadwire. Ponena zimenezi ankayang'ana chipewa chawo. Kunama ndi ntchito yofunika kuizolowera, ndipo a Simao zinkaoneka kuti anali asanaigwirepo.

Everjoy ataimirira kuti azipita, a Simao anamugwira mkono wa yunifolomu ndi zala ziwiri.

"Mwana wanga, kaya mundimanga kaya mundithamangitsa, palibe kanthu. Koma mgolo uja uli pa folotini, uwauze asauchotse."

* * *

Mgolowo unalidi pomwepo, theka la mgolo lodzaza mchenga, pakati penipeni pa malo a nambala 14. Malo ena onse anali odzaza magalimoto, poti sukulu zinali zotseka, koma apa panali pululu. Everjoy anayang'ana mtengo umene panali chimbale. Wakuba zitsulo amakanula ndi chitsulo chinzake n'kuthawa, sasamala kuti mtengo wang'ambika. Apa mabawuti anamasulidwa ndi sipanala, n'kuikidwa pamwamba pa mtengowo moyandikana kuti asatayike.

Anawerama n'kuyang'ana pansi. Pa 13 ndi pa 15 phula linali lothimbirira ndi mafuta odontha m'mainjini, monga pamakhalira paliponse poima magalimoto. Pa 14 panalibe dontho. Panalibe ngakhale mzere wa tayala.

"Mukufunafuna chiyani, mapolisa? Pamenepo simupeza ngakhale chitsotso."

Anali Netsai, mayi wosesa panja, atatsamira tsache lake. Netsai anali wa anthu aja amene ukawafunsa njira amakuuza ndi mbiri ya amene anailambula. Anati malo amenewo iye saloledwa kuwasesa. Sekuru amasesa okha m'mawa uliwonse, asanavale n'komwe jekete la ntchito. Mgolowo amati ndi wochenjeza kuti pansi pali paipi yophulika, koma chiyambireni ntchito iye sanaonepo madzi, ndipo mamanijala amabwera n'kupita osafunsa. Mlendo akafuna kuimapo, sekuru amathamanga, munthu wa mawondo owawa uja, n'kumupezera pena. Dzulo lomwe a Keith anakalipa chifukwa mlendo wa galimoto yaikulu anazungulira kawiri konse pamene folotini ili chabe.

Everjoy anafunsa ngati ka Honda Fit kanaima pamenepo. Netsai anati ayi, dalaivala ankafuna kusuntha mgolo, koma sekuru anamuletsa n'kumuika pa 15. Mayi uja atatsika, sekuru anangoti chilili, choko chili m'manja. Sanapatsane moni wa m'manja. Anaima moyang'anana nthawi yaitali, kenako onse awiri anayamba kuyang'ana pansi ngati ataya singano. Iye zambiri sanaone, anaitanidwa kukasesa ku dziwe.

"Komatu chimbalecho n'chanu, mukudziwa?" anawonjezera Netsai. "N'cha ku polisi. Tsiku lina ndikupukuta fumbi ndinaona kumbuyo kwake. Analembapo ndi moto wa owotcherera zitsulo, zilembo zazikulu. Evidence. Ndinauza a Keith, iwo anati mwina chinali cha mlandu wakalekale wa pa pulazi."

Everjoy anaganiza za chipinda chawo chosungiramo katundu wa milandu. Iwo amamata kapepala, ndipo kawirikawiri kamagwa. Sanamvepo wapolisi woitana wowotcherera kuti alembe pa katundu wa mlandu.

Anafunsa kuti pa geti dzulo panali ndani.

* * *

Panali Nevermind, chimunthu chachitali cha ku Chinhoyi, chodzitama kuti palibe chilankhulo chimene sichimva. Atadziwa kuti wapolisiyo ndi wa Chichewa anasangalala ngati wapeza mlamu. Anadziguguda pachifuwa nati, "Ini ndinogona Chichewa!" Everjoy anamuuza kuti ngati amagona Chichewa ndiye adzuke, kwacha. Nevermind anaseka mpaka kugwira geti. Anati msampha umenewo amaudziwa bwino, iye sungamukole. Kwa Ashona kugona ndi kutha kuchita chinthu, kwa Achewa kugona ndi kupita pa mphasa. Anaphunzira kwa anzake a mu komboni ali mwana.

Ndiye dzulo, anapitiriza, atafika mbuya aja, iye anawafunsa m'Chishona ngati ndi ogona kapena a masana. Iwo anayankha m'Chichewa. Dalaivala sanamve, koma iye anamva zonse, n'kuwapatsa lobiriwira monga lamulo linenera. Tsono lero akuti walakwa. Walakwa chiyani, poti mayiyo ananena yekha kuti mwana wake ndi wogona?

Everjoy anamupempha kuti abwereze mawuwo mmene anatulukira m'kamwa mwa mayiyo, asawonjezere, asachotse. Nevermind anatseka maso, n'kuchepetsa mawu ngati a mayi wokalamba.

"Mwana wanga anagona kuno."

"Anati akugona, kapena anagona?"

"Anagona. Pali kusiyana?"

Anati anawafunsanso nambala ya chipinda, koma mbuyawo anati nambala sakuidziwa, papita nthawi yaitali, kale kunalibe manambala. Iye anangoti ndi ukalamba, n'kutsekula geti.

Everjoy anatembenuka n'kuyang'ana kumene anachokera, ku mizere ya magalimoto yonyezimira padzuwa, ndi kampata kamodzi kaja kopanda kanthu. Mawu amenewo anawamvapo kwa amayi ake omwe, tsiku limene anamutengera kuseri kwa komboni kukamuonetsa pamene anaika mchimwene wake. Mayi uja sananame pa geti, ndipo Evidence sanali katundu wa polisi.

* * *

Ka Honda Fit kotuwa sikanavute kupeza. Nevermind anakumbukira kuti galasi lakumbuyo linali la pulasitiki yomata ndi tepi, ndipo pa siteji ya mushikashika ku Banket, pamene timagalimoto timeneti timanyamulira anthu, aliyense ankadziwa kuti ndi ka Wonder. Wonder ataona yunifolomu anayamba kulumbira asanafunsidwe. Layisensi ali nayo, ili kunyumba. Kilampu sanaikhudze. Chitsulo sanabe, iye amaopa Mulungu ndi dzimbiri lomwe.

Atakhazikika mtima pansi anafotokoza. Mbuyawo anamuchita hayala kuti awaperekeze ku pulazi yakale ya fodya. Iye anawauza kuti kulibenso pulazi, kuli paki, koma iwo anati tiyeni basi. Atafika anatsika n'kuyamba kufunafuna mtengo wa mkuyu umene kulibe. Iye anapita kukaonerera ana akutsetsereka m'madzi, nanga munthu n'kulowa ulere malo ngati amenewo kawiri? Pobwerako anapeza tayala lalumidwa, mbuya atakhala pansi pa phula pafupi ndi mgolo, sekuru ataima pambali pawo atawatchingira dzuwa ndi jekete.

"Ine ndinayamba phokoso, sisi, sindikana. Sekuru anangoti, usadandaule muzukuru, n'kutulutsa kiyi. Kenako anandibwereka sipanala."

Anati chimbalecho sekuru anachipereka kwa mbuya ndi manja awiri. M'galimoto iye anati achiike kumbuyo chingadetse mpando, koma mbuya anakana, anachifukata pamiyendo njira yonse. Sanalire. Ankangochisisita.

Everjoy anafunsa kumene anawasiya. Wonder anati ku Kuwadzana, komboni ya m'Banket momwemo, kwa mayi wina wa kutchalitchi kwawo, koma afulumire, chifukwa anamuuza kuti awatenge masana ano akakwere basi ya ku Mutorashanga.

* * *

Anawapeza atakhala pakhonde, katundu ali m'manja kale. Dzina lawo anali a Albertina. Anali mayi wochepa thupi, wa manja okhakhala chifukwa chotola miyala ya kromu ku migodi, ndipo diso limodzi linali litayera ndi ng'ala. Kumsana anabereka chinthu chobulungira m'chitenje, mfundo ili pachifuwa, monga aberekera mwana. Ataona wapolisi sanadzidzimuke. Anangosendera kuti akhale.

Everjoy sanawafunse ngati wapolisi. Anawafunsa kuti Evidence anali wamkazi kapena wamwamuna.

Anali wamkazi, mwana wawo woyamba ndi a Simao. Anamwalira asanayambe sukulu, nthawi yowotcha fodya. Thupi linatentha usiku umodzi wokha, bambo ake ali ku mabalani kumene munthu sankaloledwa kusiya moto, ndipo thirakitala yopita ku chipatala inapezeka kutacha. Anamuika kumanda a ana, pansi pa mkuyu, kuseri kwa komboni. Mwala wa chiliza akanautenga kuti? Mnzawo wa ku galaja anatenga chimbale chakutha n'kuwotchererapo dzina. A Albertina anati pambuyo pake iwo sankatha kuyang'ana mwamuna wawo kumaso osaona moto wa fodya uja. Sanali wolakwa, ankadziwa, koma mtima sunkamva. Mapulazi atasokonekera anthu n'kubalalika, iwo anapita ku Mutorashanga okha. Anakwatiwanso, anabereka ena, anaikanso mwamuna wachiwiriyo. Tsopano diso linalo layambanso kuchita chifunga, ndiye anati ndikaone pamene pali mwana wanga ndisanakhale mumdima.

"Ndinapeza magalimoto okhaokha, mwana wanga. Mkuyu kulibe, manda kulibe. Ndinati ndasochera. Kenako ndinaona bambo a Evi ataima apo ndi choko."

A Simao sanachoke pamalopo zaka zonsezi. Pamene akatapila ankasalaza kuseri kwa komboni, iwo analipo, ankagwira ganyu yonyamula miyala. Analankhula, koma munthu wa ganyu amamumva ndani? Anangoloweza malowo ndi maso, kuyeza ndi ngodya ya balani ndi thanki ya madzi. Zimbale zitapentedwa, manambala asanalembedwepo, anafunafuna cha mwana wawo n'kuchimanga okha pamalo pake. Kenako anapempha ntchito yoimika magalimoto, ntchito imene aliyense ankaikana chifukwa cha dzuwa.

Apa Everjoy anavutika. Akanatha kunyamuka, kukauza a Keith kuti mayiyo sanapezeke, n'kuwasiya apite ndi kanthu kamodzi kokha ka mwana wawo kamene anali nako padziko lapansi. Koma a Albertina anamuyang'ana ndi diso lawo labwino lija n'kufunsa kuti kodi bambo a Evi ali pa mavuto.

Anawauza zonse, za ntchito, za chipinda, za thumba lomangamanga, ndi za lole yoyera imene inasanduka yabuluu. Pa za lolezo a Albertina anaseka pang'ono, misozi ili m'maso, nati munthu ameneyo sanathe kunama chiyambire, ngakhale pamene ankawafunsira.

Anagwira mfundo ya chitenje pachifuwa. Kenako anati amuitane Wonder.

* * *

Anafika dzuwa litapendeka, koma phula likadali lotentha. Everjoy anakatenga a Keith ndi a Simao ku ofesi, ndipo onse anakumana pa nambala 14. A Simao ataona amene watsika m'galimoto, nkhope yawo inagwa. Anayang'ana Everjoy ngati wawapereka, ndipo iye zinamupweteka, ngakhale ankadziwa kuti sakanachitira mwina.

A Albertina anamasula chitenje n'kutsitsa chimbale mosamala, dzanja lina lili pansi pake.

"Make Evi, musatero," anatero a Simao. "Ndinakupatsani. Ine ndakhala naye zaka zonsezi, inu munalibe kanthu. Pitani nacho."

"Ndikapita nacho, inu akuchotsani. Akakuchotsani, adzathamangitse magalimoto pamutu pa mwana ndani?"

A Albertina anapereka chimbalecho kwa a Keith.

A Keith Chichewa sankachimva kwenikweni. Analandira chimbalecho, n'kuona nambala yawo 14 ili bwinobwino, kenako anachitembenuza. Zilembo zinali zokhotakhota, zotupa ngati zipsera, ndipo pansi pa Evidence panali dzina la Simao ndi kamtanda, zimene Netsai sanazione chifukwa zinkabisika ndi mtengo. Anafunsa Everjoy m'Chishona kuti kodi zimenezi zikutanthauza chiyani. Everjoy anawauza mwachidule, mosakometsera. Atafika pa mawu aja a pa geti, a Keith anayang'ana pansi pamene anaponda, n'kubwerera m'mbuyo mpaka nsapato zawo zinatuluka mu mzere woyera.

Anafunsa sekuru chifukwa chake sananene. A Simao anati anaopa. Hotela ikadziwa kuti pali manda, mwina ikanaitana anthu kudzafukula n'kukataya mafupa kumene iwo sangafike, kapena ikanachotsa iwowo kuti alendo asamve. Ndipo za choko, anapepesa. Lamulo amalidziwa, ndipo sanaphonyepo galimoto ndi imodzi yomwe.

"Koma bwana, mayi wabwera kwa mwana wake patapita zaka zonsezi. Ndikanamuuza bwanji kuti nthawi yanu yakwana?"

Foni ya a Keith inalira m'thumba. Anaitulutsa, anayang'ana dzina, n'kuibwezera momwemo ikulirabe. Anati kwa Everjoy mlandu palibe, katundu wapezeka, ndipo sanabedwe n'komwe. Za ana ena amene agona pansi pa phulalo adzalankhula ndi eni ake, ngakhale sakulonjeza kuti adzamva. Koma pa 14 sipadzaima galimoto iwo ali manijala, ndipo sipafunikanso kunamizira paipi. Kenako anatembenukira kwa a Simao n'kuwauza kuti akamasule thumba lawo, mawa ntchito ilipo. Anachoka mofulumira, akupukuta magalasi amene sanali akuda.

Everjoy anasangalala, inde, koma chisoni sichinachoke, chifukwa mayi uja anali ataima pomwepo ndi chitenje chopanda kanthu m'manja.

Wonder anabweretsa sipanala osauzidwa. A Simao anamanga chimbale pamalo pake, ndipo a Albertina anawagwirira kuti chisapendeke. Atamaliza, mayiyo anayang'ana phula lakuda lija uku ndi uku.

"Dzulo ndinaiwala kufunsa. Mutu uli mbali iti?"

A Simao anasuntha mgolo pang'ono, n'kuloza ndi dzanja lonse, osati ndi chala. A Albertina anagwada movutikira n'kuika chikhatho pamenepo, koma anachichotsa msanga.

"Mayo, pakutentha! Bambo a Evi, mwanayu akupsa ndi dzuwa."

Anatambasula chitenje chija n'kuchiyala pa phula, n'kuwongola makwinya onse mpaka m'mphepete. Mphepo ya Ogasiti inayamba kuchinyamula ngodya imodzi. A Simao anapita m'maluwa a hotela, anatola miyala, n'kuyamba kutsindira m'ngodya.